Khungu, majini ndi matenda okhalitsa: mafunso amene akuvutitsa madokotala ndi odwala

Munthu wochokera ku Malawi akapita kukalembetsa kuchipatala ku Nottingham kapena ku Chicago amapatsidwa fomu yokhala ndi funso limene kwawo sanalizolowere: ndinu wakuda, mzungu, mmwenye kapena wosakanikirana? Ambiri amangochonga n'kupitirira, poganiza kuti ndi zakalembera basi. Koma kwa zaka zambiri yankho limeneli lakhala likulowa m'masamu a chipatala. Limatha kusintha zotsatira za magazi, mankhwala a BP amene munthu ayambire kumwa, ngakhalenso malo ake pamzere wodikira impso. Mkangano wake wakula kwambiri ku America ndi ku Britain, koma mbali ina ya umboni umene wagwedeza nkhaniyi inachokera ku Karonga.

Kodi anthu akuda ndi azungu amasiyana majini?

Majini ndi malangizo olembedwa mu DNA amene mwana amatengera kwa mayi ndi bambo ake, ndipo munthu aliyense ali nawo pafupifupi 20,000. Ntchito yowerenga DNA ya munthu itatha mu 2003, zinatsimikizika kuti anthu awiri alionse amafanana pafupifupi 99.9 peresenti. Kusiyana kochepa kotsalako kulipo ndithu, ndipo kwina kumakhudza matenda. Vuto ndi loti sikutsata mizere ya khungu. Kale mu 1972, wasayansi Richard Lewontin anawerengetsera kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse a kusiyanaku amapezeka pakati pa anthu a gulu limodzi lomwelo, ndipo gawo laling'ono chabe ndilo limalekanitsa magulu akuluakulu amene anthu amawatcha mitundu.

Africa ndiye amasokoneza kwambiri maganizo akuti akuda ndi amodzi. Anthu anayambira kuno, ndipo amene anawoloka kukadzaza makontinenti ena zaka zoposa 50,000 zapitazo anali kagulu kochepa, konyamula gawo chabe la majini amene analipo. Otsala anasunga zonse. Mu 2020 ofufuza a gulu la H3Africa anawerenga DNA ya anthu 426 okha a m'mayiko 13, ndipo anapezamo kusiyana kopitirira 3 miliyoni kumene sayansi inali isanakulembepo. Msani wa ku Kalahari ndi Myoruba wa ku Ibadan akhoza kutalikirana majini kuposa mmene Mngelezi amatalikirana ndi Mkoreya, koma pa fomu ya chipatala onse awiri amachonga bokosi limodzi.

Mabokosiwo anawapanga ndi maboma. Ku South Africa, lamulo la 1950 linagawa anthu m'magulu, ndipo akuluakulu ena ankazika pensulo m'tsitsi la munthu kuti aone ngati igwa. Ku America, Barack Obama, yemwe bambo ake anali Mluo wa ku Kenya ndipo mayi ake mzungu wa ku Kansas, amawerengedwa kuti ndi wakuda.

Nanga matenda a sickle cell, si a anthu akuda okha?

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, madokotala omwe. Matendawa ndi a jini limodzi, ndipo mwana amadwala akalandira jinilo kuchokera kwa makolo onse awiri. Mu 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anasonyeza kuti munthu wonyamula jinili kuchokera kwa kholo limodzi lokha amatetezeka ku malungo aakulu. Ndiye kuti jinili linachuluka kumene malungo ankapha ana ambiri: kumadzulo ndi pakati pa Africa, m'madera ena a India, kum'mawa kwa Saudi Arabia, ku Greece, ku Turkey ndi ku Sicily. M'madera ozizira akumwera kwenikweni kwa Africa, kumene malungo sankafika, jinili n'losowa ngakhale anthu ake ndi akuda bii. Limatsata udzudzu.

N'chifukwa chake ku America ndi ku England masiku ano amayeza mwana wakhanda aliyense, posayang'ana kuti makolo ake ndi otani. Kuganiza kuti ndi nthenda ya mtundu umodzi kwavulazapo anthu m'njira ziwiri. Ana oyera khungu ankachedwa kuwapeza nayo, pomwe akuda ongonyamula jinilo, athanzi lawo bwinobwino, ankamanidwa ntchito. Sukulu ya asilikali apandege ya ku America inkawakana mpaka 1981.

Kodi palibe jini lililonse limene limafotokoza chifukwa chake akuda a ku America amadwala impso kwambiri?

Lilipo, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha mmene sayansi imayendera ikasiya khungu n'kuyamba kufufuza chenicheni. Akuda ndi pafupifupi 13 pa anthu 100 alionse a ku America, koma pa odwala amene amadalira makina osefa magazi, pafupifupi mmodzi mwa atatu ndi wakuda. Mu 2010 gulu la Martin Pollak ku Boston linapeza kuti mbali ina ya vutoli imachokera ku mitundu iwiri ya jini lotchedwa APOL1, imene anaipatsa mayina akuti G1 ndi G2. Mu labotale, mitundu imeneyi imapha tizilombo ta kaodzera ta mtundu wa rhodesiense, womwewo umene kashembe amafalitsa m'madera ozungulira nkhalango za Nkhotakota ndi Vwaza. Chimene chinateteza makolo ku kaodzera chikuwononga impso za zidzukulu.

Koma taonani mmene jinili linagawikira. Ndi lofala kwambiri ku Nigeria ndi ku Ghana, kumene kunachokera ambiri mwa anthu amene anagulitsidwa ukapolo kutsidya la nyanja. Ku Ethiopia pafupifupi kulibeko. Ngakhale pakati pa akuda a ku America, ndi anthu pafupifupi 13 pa 100 alionse amene ali ndi makope awiri, omwe ndiwo amaika munthu pachiopsezo chachikulu, ndipo ambiri mwa amenewa sadwala impso moyo wawo wonse. Pamafunika china chodzutsa nthendayo, monga HIV yosalandira mankhwala. Dokotala amene angaone wodwala wakuda n'kuganiza za APOL1 alakwitsa pa anthu pafupifupi 87 mwa 100 alionse. Jinili limayezeka ndi magazi.

Nanga BP? Anthu amati akuda anabadwa nayo.

Umboni ukukana. M'zaka za m'ma 1990, Richard Cooper wa ku Loyola University ku Chicago anayeza BP ya anthu ochokera ku mizu imodzi koma okhala m'mayiko osiyana. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 1997, zinasonyeza kuti kumadzulo kwa Africa, ku Nigeria ndi Cameroon, anthu 16 pa 100 alionse anali ndi BP yokwera. Ku Caribbean anali 26, ndipo ku America 33. Majini ndi ofananirako, koma chakudya, kunenepa, mchere, ntchito ndi nkhawa n'zosiyana. Mu 2005 Cooper yemweyo anayerekeza kafukufuku wa mayiko angapo, n'kupeza kuti Ajeremani anali ndi BP yokwera kuposa akuda a ku America, ndipo palibe amene anathamangira kunena kuti Ajeremani ali ndi jini loipa.

Pali nkhani ina yokoma kuimva imene imakana kufa. Imati pa zombo za akapolo anapulumuka okhawo amene matupi awo ankasunga mchere, ndiye zidzukulu zawo zinatengera BP. Katswiri wa mbiri ya malonda a akapolo, Philip Curtin, anaitsutsa mu 1992 posonyeza kuti zolembedwa za nthawiyo sizikugwirizana nayo, ndipo jini lake palibe analipeza. Komabe mu 2007 inanenedwanso pa pulogalamu ya Oprah Winfrey ngati choonadi chodziwika.

Ku Puerto Rico, Clarence Gravlee anachita chinthu chanzeru. Anayeza khungu la anthu ndi makina, kenako anafufuza mmene anthu a m'deralo amamutchulira munthu aliyense, wakuda, wofiirira kapena woyera. Chimene chinagwirizana ndi BP ndi dzina limene anthu amamupatsa munthuyo, kuposa mtundu weniweni wa khungu umene makina anayeza. Mtundu umalowadi m'thupi, koma njira yake yaikulu ndi mmene munthu amachitiridwa tsiku ndi tsiku.

Kodi nkhani ya masamu a impso inayenda bwanji?

Kuyeza mwachindunji mphamvu ya impso n'kodula ndipo kumatenga maola, choncho madokotala amayeza creatinine, chinthu chimene minofu imatulutsa m'magazi ndipo impso zimachisefa. Nambala yake amailowetsa m'samu imene imapereka chiwerengero chotchedwa eGFR. Chikatsika kuposa 60 kwa miyezi itatu, munthuyo ali ndi matenda a impso okhalitsa. Ku America, chikafika pa 20 kapena kutsikirapo, amayamba kumuwerengera nthawi yodikira impso ya wina.

Samu yoyamba yotchuka inatuluka mu 1999, kuchokera ku kafukufuku wa odwala 1,628, amene 197 mwa iwo anali akuda. Ofufuza anaona kuti creatinine ya akudawo inali yokwererapo, ndiye analamula kuti zotsatira za wodwala wakuda zizichulukitsidwa ndi 1.18. Samu yatsopano ya mu 2009 inatsitsa nambalayi kufika pa 1.16. Chifukwa chimene chinkaphunzitsidwa m'masukulu n'chakuti akuda ali ndi minofu yambiri, ngakhale kafukufukuyo sanayeze minofu ya munthu aliyense.

Tiyeni tiwerengetsere. Odwala awiri a zaka zofanana, creatinine yofanana, samu yapereka 18. Mzungu akuyamba kuwerengeredwa nthawi pamzere. Wakuda, ikachulukitsidwa ndi 1.16, akupeza pafupifupi 21, ndipo akuuzidwa kuti abwerenso. Wina amene anayenera kupeza 55 akupeza 64, n'kubwerera kunyumba osadziwa kuti impso zake zayamba kufooka. Samuyi inali ngati ndowa ya venda yomenyedwa kunsi, yooneka yodzaza pomwe chimanga n'chopelewera.

Ophunzira udokotala ndiwo anayamba kufunsa m'kalasi kuti nambalayi inachokera kuti. Mu 2021 bungwe la NICE ku Britain linaichotsa, ndipo chaka chomwecho mabungwe awiri akuluakulu a za impso ku America anavomereza samu yopanda mtundu. Mu 2023 zipatala zoika impso ku America zinalamulidwa kuwerengeranso nthawi ya odwala akuda, ndipo pofika mu 2024 anthu opitirira 14,000 anabwezeredwa nthawi imene anataya, pafupifupi zaka ziwiri aliyense tikagawa mofanana.

Ndiye pali Karonga. Kafukufuku wotchedwa ARK, amene anachitika ku Karonga kudzera ku bungwe la MEIRU komanso ku Uganda ndi South Africa, anayeza mwachindunji impso za anthu opitirira 2,500 pogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa iohexol. Zotsatira zinatuluka mu 2022. Masamu onse a creatinine ankakokomeza mphamvu ya impso za anthuwa, ndipo kuwonjezera nambala ya mtundu ija kunkangokulitsa cholakwikacho. Nambala yopangidwa m'dzina la anthu akuda inalephera pa anthu akuda a mu Africa mwenimweni. M'dziko limene makina osefa magazi a boma amapezeka m'zipatala zazikulu zowerengeka, monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, kuchedwa kuzindikira nthenda ya impso n'koopsa kuposa ku Chicago.

Koma paja pali mankhwala amene amagwira bwino kwa akuda?

Yankho lake ndi lopindapinda. Mu June 2005 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linavomereza BiDil ngati mankhwala a mtima wofooka a odwala akuda okha, koyamba m'mbiri. Anawayesa pa odwala 1,050 odzitcha akuda ndipo imfa zinatsika ndi 43 peresenti. Mankhwalawo amagwiradi ntchito. Koma pamayesowo panalibe mzungu kapena mmwenye woti ayerekezedwe naye, choncho sanatsimikize kuti amagwira bwino kwa akuda kuposa ena. BiDil ndi mankhwala awiri akale, hydralazine ndi isosorbide dinitrate, oikidwa m'piritsi limodzi. Chilolezo chogulitsa mopanda mpikisano chinkatha mu 2007, ndipo cholembedwa m'dzina la akuda chinafika mpaka 2020. Owerenga adziweruzire okha.

Pa BP nkhani ili ndi maziko olimbirapo. Malangizo a NICE amati wodwala wa makolo ochokera ku Africa kapena ku Caribbean, ngati alibe shuga, ayambe ndi mankhwala a gulu la amlodipine m'malo mwa a gulu la enalapril, chifukwa tikatenga gulu lonse, enalapril payekha amatsitsa BP pang'ono mwa akuda komanso amatupitsa milomo ndi lilime kawirikawiri. Kafukufuku wa CREOLE wa mu 2019, amene anatsogolera ndi Dike Ojji wa ku Abuja m'mayiko 6 kuphatikizapo Mozambique, anapeza kuti kuphatikiza amlodipine ndi mankhwala ena kunatsitsa BP kuposa kuphatikiza kopanda amlodipine. Ichi n'chothandiza. Chenjezo n'lakuti kusiyana kwa magulu n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa munthu ndi munthu, ndipo wodwala wakuda amene ali ndi shuga kapena impso zotayikira puloteni amafunikadi enalapril kapena mnzake, poti amateteza impso.

Amene anamwapo ma ARV a 5A akudziwa mbali ina ya nkhaniyi. Efavirenz ankapangitsa ena chizungulire ndi maloto oopsa, pomwe anzawo ankagona tulo tabwino. Chiwindi chimagaya mankhwalawa ndi jini lotchedwa CYP2B6, ndipo gulu la Collen Masimirembwa ku Harare linasonyeza kuti mtundu wa jinili wogaya pang'onopang'ono ndi wofala kwambiri ku Zimbabwe, moti mlingo woyesedwa makamaka pa azungu unkadzaza m'magazi a odwala ena. Pamzere umodzi wa kuchipatala, onse akuda, wina ali nalo wina alibe. Malawi anasinthira ku dolutegravir kuyambira mu 2019.

Madokotalawo amati chiyani?

Agawikana. Ena amati ali ndi mphindi zochepa pa wodwala aliyense, kuyeza majini n'kodula, ndipo mtundu ndi chizindikiro chimodzi mwa zambiri, monga zaka za munthu. Amaopa kuti kuutaya kungachititse kuti aphonye matenda. Ena amayankha kuti chizindikiro chimene palibe amene angachitanthauzire mofanana si chasayansi: kodi mwana wa Mchewa ndi Mskotishi achulukitsidwe ndi 1.16 kapena theka lake?

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi zimene dokotala amakhulupirira mosazindikira. Mu 2016 ofufuza a ku University of Virginia anafunsa ophunzira udokotala ndi madokotala achinyamata achizungu 222. Theka la iwo linavomereza bodza limodzi kapena angapo, monga lakuti khungu la akuda ndi lokhuthala kuposa la azungu, ndipo amenewa ankachepetsa ululu wa wodwala wakuda. Odwala sickle cell amazidziwa bwino izi. Lipoti la aphungu a ku Britain la mu 2021 linafotokoza mmene odwalawa, pofika kuchipatala akubuula ndi ululu, ankakayikiridwa kuti akungofuna mankhwala ozunguza bongo.

Mabungwe akuluakulu asankha mbali. American Medical Association mu 2020 inati mtundu ndi gulu lopangidwa ndi anthu, ndipo mu 2023 National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine inalangiza ofufuza kuti asiye kuugwiritsa ntchito m'malo mwa majini.

Nanga odwala amazimva bwanji?

Wodwala akamva kuti nthenda ili m'magazi amatha kugwa ulesi. Amati shuga ndi wakumtundu kwathu, agogo anapita naye, amayi anapita naye, ndiye kusala kuthandiza chiyani? Koma shuga wa mtundu wachiwiri ndi BP sizili ngati sickle cell. Zimakhudzidwa ndi majini mazanamazana, lililonse kukankha pang'ono chabe, ndipo banja limagawana mphika womwewo, mchere womwewo ndi umphawi womwewo. Kutengera kumakweza chiopsezo, sikulamula kuti munthu adwale basi.

Ku America kuli chikayiko chokhala ndi mbiri yake. Kuyambira 1932 mpaka 1972, ku Tuskegee, madokotala a boma anaonerera amuna akuda 399 akudwala chindoko osawapatsa mankhwala, ngakhale penicillin atapezeka, ndipo chimodzi mwa zimene ankafuna kuona n'chakuti nthendayi imayenda mosiyana m'thupi la munthu wakuda. Mdzukulu wa anthu amenewa akauzidwa kuti piritsi ili ndi la akuda okha, sangalephere kufunsa kuti bwanji azungu sakumwa.

Chimene wodwala angabweretse, choposa bokosi lililonse, ndi mbiri ya banja lake: ndani anadwala impso, ndani anafa ziwalo ali ndi zaka zingati, ndani anadulidwa mwendo chifukwa cha shuga, kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Kumene anthu amawerengera mtundu kutsata mayi, mbali ya bambo imaiwalika msanga, chonsecho theka la majini limachokera kumeneko.

Kodi kungofufuta mtundu m'mabuku a chipatala kuthetsa vutoli?

Ayi. Zida zina zinapangidwa poyesa anthu oyera khungu, ndipo kusatchula khungu sikuzikonza. Kachipangizo kopana chala koyeza mpweya m'magazi kamagwiritsa ntchito kuwala. Mu 2020 madokotala a ku University of Michigan anapeza kuti kankaphonya kuchepa koopsa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Apa vuto ndi khungu lenileni ndi makina, majini a matenda sakukhudzidwa.

Kwina vuto ndi jini limene palibe analiyang'ana. Kuyeza kwa HbA1c kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi itatu, koma kumadalira moyo wa maselo ofiira. Mtundu wina wa jini la G6PD, wofala kumadera a malungo, umafupikitsa moyo wa maselowa, ndipo mwa amuna umatsitsa HbA1c ndi pafupifupi 0.8. Kafukufuku wa mu 2017 anawerengetsera kuti akuda a ku America pafupifupi 650,000 akhoza kukhala ndi shuga wosazindikirika ngati atayezedwa ndi njira iyi yokha. Mu 2013, njira yosankhira mlingo wa mankhwala a warfarin potsata majini inapereka zotsatira zoipirapo kwa odwala akuda, chifukwa inkayang'ana majini ofala ku Ulaya n'kusiya ofala ku Africa. Muzu wake ndi umodzi: mu 2016, anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse a m'kafukufuku wamkulu wa majini anali a makolo a ku Ulaya, ndipo a makolo a ku Africa anali pafupifupi 3 pa 100.

Ngakhale samu yatsopano ya impso siinathetse zonse. Kafukufuku wa ARK anapeza kuti kuyeza cystatin C kumayandikira choonadi kuposa creatinine, koma n'kodula ndipo ma labotale ambiri a m'maboma alibe. Kumene ndalama zilipo, njira ikusintha kale. Kampani ya Vertex ikuyesa mankhwala otchedwa inaxaplin, olimbana ndi matenda a impso a APOL1, ndipo zotsatira zoyambirira zinasindikizidwa mu 2023. Wofuna kulowa m'mayesowa amayamba wayezedwa magazi, ndipo amatengedwa okhawo amene apezeka ndi makope awiri a jinilo.